Mapu a Amalinyero Amene Anadula Mapiri a Dedza

Mvula ikagwa pamsana pa mapiri a Dedza, madzi ake amagawikana pawiri. Ena amatsetserekera kummawa ndi kumpoto, n'kulowa mu Linthipe, Nadzipulu, Namikokwe ndi Livulezi, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Ena amatembenukira kumadzulo ndi kummwera, n'kulowa m'timitsinje ta ku Angonia todyetsa Revubwe, mtsinje umene umakathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Kwa makolo athu olima mapira ndi nyemba m'mapirimu, zimenezi zinkangothandiza posankha malo a dimba ndi pomwetsera ng'ombe. Koma pa 11 Juni 1891, mumzinda wa Lisbon, nthumwi za Britain ndi Portugal zinasayina pangano lonena kuti pomwe madziwo amasiyanirana ndi pomwenso maulamuliro awo awiri adzalekanirane.

Osayina panganolo anali asanapondeko ku Dedza. Chimene anali nacho patebulo ndi mapu, ndipo mapuwo anajambulidwa ndi anthu a pamadzi: amalinyero, oyeza madoko, ndi apaulendo amene nkhawa yawo inali yoti chombo chilowera pati, chikocheza pati, nanga chikakanika pa mathithi ati. Munthu wa m'chombo akayang'ana kumadzulo ali kufupi ndi gombe la Mtakataka kapena Chipoka, amangoona khoma la mapiri limene dzuwa limabisalako madzulo. Sangadziwe kuti pamwambapo pali midzi, manda, madambwe ndi akachisi opempherako mvula. Chimene angaganize n'chakuti kuseri kwa khomalo madzi amayenderera kwina. Malire a Dedza anabadwa m'maso otere.

Gombe loyezedwa, mtunda wongopeka

Apwitikizi asanafike, amalinyero achiarabu ndi achiswahili ankaidziwa kale njira ya ku Kilwa ndi ku Sofala, ndipo katswiri wawo wina, Ahmad ibn Majid, analemba malangizo a kayendedwe ka panyanja ya mchere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Vasco da Gama anakocheza pa mtsinje wa Quelimane mu Januwale 1498, ndipo pofika 1502 mapu otchuka a Cantino anali atasonyeza kale gombe lonse la Africa m'maonekedwe osasiyana kwenikweni ndi amene ana a sukulu amajambula lero. Gombe linayamba kulondola msanga chifukwa cholakwa chake sichinkabisika. Wojambula akaika mwala pamalo polakwika, chombo chinkasweka, anthu n'kumira, ndipo mapuwo ankakonzedwa.

Kumtunda kunalibe wodzudzula wotero. Mu 1570 Abraham Ortelius anaika pakati pa Africa nyanja ziwiri zikuluzikulu, Zaire ndi Zaflan, zimene ankati ndi magwero a mtsinje wa Nile, potsata maganizo a Ptolemy wa ku Alexandria amene anamwalira zaka zoposa 1,000 m'mbuyo mwake. Ojambula ena ankatseka malo opanda kanthu ndi zithunzi za njovu ndi nthiwatiwa. Ogula mapu ku Antwerp ndi ku Amsterdam analibe powatsutsira.

Nthawi imeneyo n'kuti m'munsi mwa mapiri a Dedza, pafupi ndi Mtakataka m'mbali mwa Nadzipulu, muli Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalopo anapeza mikanda ya galasi, mapale a mbale za ku China, zipangizo za mkuwa ndi zidutswa zambirimbiri za minyanga ya njovu. Ndiye kuti anthu a pa Mankhamba ankadziwa njira zopita kunyanja ya mchere ndi kubwerako. Njirazo zinali m'mitu ya atsogoleri a ulendo, zosungidwa m'mayina a mapiri, a madambo, a malo owolokera mitsinje ndi a midzi yogonamo. Mwana wotsagana ndi atsibweni ake ankaziloweza poyenda.

Maravi afika papepala

Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo minyanga yochokera kwa Amaravi inkafika m'manja mwawo. Mu 1616 Gaspar Bocarro ananyamuka ku Tete wapansi, atatenga miyala ya siliva yoti akaonetse kwawo, n'kudutsa dziko la mfumu Muzura. Anauzidwa za madzi aakulu ooneka ngati nyanja ya mchere, kumene kumachokera mtsinje wokathira mu Zambezi kumunsi kwa Sena. Anawoloka Shire, n'kukafika ku Kilwa pasanathe miyezi iwiri. Mu 1624 wansembe wachijezuiti, Luís Mariano, analemba kalata yofotokoza nyanja yomweyo, ndipo chimene chinamukopa ndi ganizo loti mwina ingakhale njira ya pamadzi yopitira ku Ethiopia. Kuyambira pachiyambi pomwe, azungu ankaiona nyanja yathu ngati msewu wopitira kwina.

Nkhani zimenezi zinafika ku Paris m'manja mwa Jean-Baptiste d'Anville, munthu amene sanayendeko ku Africa koma anali wosamala powerenga. Pa mapu ake a Africa a 1749 anafufuta nyanja zopeka zija, malo osadziwika n'kuwasiya oyera mbee. Koma kumpoto kwa Tete anasiyako nyanja yaitali, yopyapyala, yopanda mathero kumpoto kwake, n'kuilemba dzina lakuti Maravi. Dzina limenelo linakhala pa mapu a ku Ulaya zaka zoposa 100 David Livingstone asanaione nyanjayi.

Apwitikizi ena anayesa kuyeza mtunda. Mu 1798 Francisco de Lacerda, katswiri wa masamu ndi nyenyezi, ananyamuka ku Tete ndi zipangizo zake kulowera kwa Kazembe, kudzera m'dziko la Amaravi, koma anamwalira atangofika kumeneko. Mu 1831 ndi 1832 José Monteiro ndi António Gamitto anatsata njira yomweyo, ndipo buku la Gamitto la 1854 linafotokoza zambiri za Amaravi ndi Achewa. Onsewa anadzera chakumadzulo, mapiri a Dedza n'kuwasiya kudzanja lamanja.

Kugombe, ntchito yoyeza inapita patsogolo ndi Captain William Owen wa asilikali a pamadzi a Britain, amene kuyambira 1822 mpaka 1826 anayeza gombe la kummawa kwa Africa ndi zombo ziwiri, Leven ndi Barracouta. Mu 1823 anatuma azungu atatu kuti akwere Zambezi. Ulendowo unafika mpaka ku Sena, koma malungo anawatha onse. Choncho matsiriro a Zambezi anali ndi manambala a kuya kwa madzi pa mapu a ku London, pamene za kumtunda zinali zongomva. Ngakhale mu 1855, amishoni awiri achijeremani a kufupi ndi Mombasa, Jakob Erhardt ndi Johannes Rebmann, atafunsa amalonda a minyanga, anajambula chinyanja chimodzi chachikulu chophatikiza Malawi, Tanganyika ndi Victoria. Amalondawo sananame ayi. Aliyense ananena zoona kuti njira yake imathera panyanja. Ojambulawo ndi amene anaganiza kuti nyanjayo ndi imodzi.

Livingstone ndi zipangizo zake

Ulendo wa Livingstone wa 1858 mpaka 1864 unalipiridwa ndi boma la Britain ndi cholinga choti apeze njira ya sitima zolowera pakati pa Africa. Sitima yake ya nthunzi, Ma Robert, inalowera pa matsiriro a Kongone, koma mathithi a Cahora Bassa anaibweza. M'pamene anatembenukira ku Shire mu Januwale 1859. Nakonso anapeza mathithi, amene eni dziko amawatcha Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula ndi Kholombidzo, koma iye anawamanga mtolo umodzi n'kuwapatsa dzina la Murchison, mkulu wa bungwe la Royal Geographical Society. Anafika panyanja mu Sepitembala 1859. Mjeremani Albrecht Roscher anafikanso kugombe la kummawa miyezi iwiri pambuyo pake ndi gulu la amalonda ochokera ku Kilwa, koma anaphedwa chaka chotsatira asanalembe mapu.

Kuyeza kwa masiku amenewo kunali ntchito ya usiku. Munthu ankathira madzi a mercury m'kambale, n'kudikira kuti nyenyezi ionekeremo, kenako n'kuyeza ndi chipangizo chotchedwa sextant kuti nyenyeziyo yakwera motani. Pamenepo ankadziwa kuti ali kutali bwanji kummwera kwa ikweta. Kudziwa za kummawa ndi kumadzulo kunali kovuta koposa, poti kunkadalira wotchi yosataya nthawi, ndipo wotchi yonyamulidwa pamutu m'mapiri, kugwa nayo m'matope, siichedwa kusokonekera. Kutalika kwa phiri ankakupeza powiritsa madzi: pamwamba pa phiri madzi amawira asanatenthe kwambiri, ndipo kusiyana kwakeko n'kumene kunkapereka nambala. Manambala onsewa Livingstone ankawatumiza ku Cape Town kwa Thomas Maclear, woyang'anira nyumba yoonera nyenyezi, kuti akawawerengetsere. Malipiro a Maclear ndi dzina lake limene lili pa Cape Maclear mpaka lero. Mzere wa mapiri wochokera ku Ntcheu kulowera ku Dedza unapatsidwa dzina la John Kirk, dokotala wa paulendowo.

Mu 1861 anthu ananyamula bwato kulambalala mathithi aja, ndipo Livingstone ndi anzake anayenda nalo m'mbali mwa gombe la kumadzulo. Mwera unawazunza, chakudya chinawathera, ndipo anabwerera asanaone kumene nyanja imathera. Mapu awo anaidula nyanjayi mutu.

Paulendo wake womaliza, mu 1866, Livingstone anazungulira kummwera kwa nyanja kudzera kwa Mponda ndi kwa Marenga. Kumeneko amtengatenga ake ena anamuthawa poopa Angoni, n'kukafalitsa ku Zanzibar kuti wafa. Atasowa onyamula katundu, akazi a mfumu imene iye anailemba kuti Kimsusa ndi amene anasenza mitolo yake mpaka m'tsinde mwa mapiri. Mu Okutobala chaka chimenecho anakwera mapiri a pakati pa Ntcheu ndi Dedza, n'kupeza dziko lozizira, lolimidwa bwino, la anthu osungunula chitsulo m'ng'anjo. Analemba za Achipeta, za mtsinje wa Diamphwe ndi za mapiri a Dzalanyama. Tsiku ndi tsiku ankafunsa eni midzi kuti mtsinje uwu ukupita kuti, ndipo mayankho awo ndi amene anasanduka mizere pa mapu amene anatuluka mu 1874 iye atamwalira. Pokonza zolemba zakezo, Horace Waller anadalira Susi ndi Chuma, amene ankayenda ndi Livingstone, kuti amulongosolere mmene mitsinje ina inayendera. Mayina a nyakwawa za m'mapirimu zimene zinaloza ndi chala pa mapupo palibe.

Madoko, mchenga ndi chingwe cha mtovu

Pa 12 Okutobala 1875 sitima ya Ilala, ya amishoni a ku Scotland, inalowa m'nyanja, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana kulambalala mathithi a Shire. Chisanathe chaka chimenecho Edward Young ndi Robert Laws anaizungulira nyanja yonse, n'kupeza kuti imapitirira kumpoto kuposa mmene Livingstone anaganizira. Kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 570. Injiniya James Stewart anapitiriza kuyeza magombe mpaka pamene anamwalira mu 1883, ndipo kampani ya African Lakes ya abale awiri a Moir, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba kuyendetsa malonda kuyambira 1878.

Vuto linali khomo lolowera. Katundu yense ankadzera ku Quelimane, kumene Apwitikizi ankalipiritsa msonkho. Mu 1889 Daniel Rankin analengeza kuti matsiriro a Chinde ndi akuya mokwanira kuti sitima yochokera kunyanja ya mchere n'kulowa mu Zambezi mwachindunji. Nambala imodzi ya kuya kwa madzi inasintha ndale za dera lonse, poti tsopano Britain akanatha kufika ku Shire osagogoda pakhomo pa Apwitikizi. Mu 1891 Angerezi anabwereka kachigawo ka malo pa Chinde kwa zaka 99. Ulendo wa nsalu, mchere, makasu ndi mabuku opita m'chigawo chapakati unali wotere: kutsitsidwa pa Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire pa sitima zamapiko kumbuyo mpaka ku Chiromo kapena kwa Katunga, kusenzedwa kudzera ku Blantyre mpaka ku Matope, kukweranso sitima mpaka ku Fort Johnston, kuwoloka nyanja mpaka padoko ngati Domira Bay, kenako kukwera mapiri pamitu ya amtengatenga. Chigawo chomaliza chimenechi, chimene chinathyola makosi a agogo athu, pa mapu chinali kamzere ka timadontho.

Nyanja yeniyeniyo inayezedwa mwadongosolo ndi Edmund Rhoades chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1902. Sitima inkaima, amalinyero n'kuponya chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, kudikira kuti chigunde pansi, kuchikoka, kuwerenga, n'kusunthira patsogolo. Pamalo ozama kwambiri, chakumpoto, anapeza mikwamba 386, yomwe ndi mamita 706. Rhoades yemweyo ndi amene mu Ogasiti 1914 anatenga sitima ya nkhondo ya Guendolen kukaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda padoko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Amene anayeza madoko ndi yemwe anadziwa polowera ndi mfuti.

Komatu madzi sankamvera pepala. Nyanja ya mchere inkakokolola malo a Angerezi pa Chinde chaka ndi chaka, mphepo yamkuntho ya 1922 n'kumalizitsa, ndipo njanji yochokera ku Beira inalanda malonda onse. Nyanja ya Malawi nayo inaphwa kwambiri moti kuyambira cha m'ma 1915 Shire analeka kutuluka m'nyanjamo, mchenga ndi bango zitatseka njira, mpaka pakati pa zaka za m'ma 1930 pamene madzi anakweranso n'kubwerera m'khwawa lawo. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi, njanji n'kudutsa ku Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima. Mapu ambiri a madoko a pa Shire anasanduka zosungira m'kabati. Ndipo kudziwa kuya kwa nyanja sikunaletse sitima ya Vipya kumira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Florence Bay, ndi anthu 145.

Mapu a pinki ndi pangano la 1891

Mu 1886 boma la Portugal linatulutsa mapu amene anapaka utoto wa pinki dera lonse lochokera ku Angola mpaka ku Mozambique, kuphatikizapo mbali yaikulu ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe wa lero. Umboni wawo unali maulendo a Bocarro, Lacerda ndi Gamitto. Angerezi anayankha ndi mapu a Livingstone, mamishoni a ku Scotland ndi sitima za Mandala. Mu 1889 asilikali a Portugal otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo ku Shire, John Buchanan, woimira Britain, n'kulengeza kuti mapiri a Shire ali pansi pa chitetezo cha Britain. Pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury wa ku Britain analamula Portugal kuti achotse asilikali ake kapena aone zakuda. Portugal anagonja. Pangano loyamba la Ogasiti 1890 nyumba ya malamulo ya ku Lisbon inalikana, ndipo lachiwiri ndi lija la Juni 1891.

Mawu a panganolo amaonetsa okha kuti analembedwa ndi anthu oganiza za madzi. Malire anatsata gombe la kummawa kwa nyanja, nyanja za Chiuta ndi Chilwa, mtsinje wa Ruo, ndi pakati pa Shire. Kuchoka pamenepo analowera kumadzulo kukakwera msana wolekanitsa madzi a Zambezi ndi a Shire, kenako wolekanitsa madzi a Zambezi ndi a nyanja, mpaka pa madigiri 14 kummwera kwa ikweta, n'kukhotera ku Luangwa. Britain ankafuna nyanja ndi mitsinje yonse yoidyetsa. Portugal anasiyiridwa mitsinje yothira mu Zambezi. Panganolo linanenanso kuti sitima za mayiko onse zikhale zomasuka pa Zambezi ndi Shire. Za anthu okhala pamsanapo silinanene kanthu.

Anthuwo analipo, ndipo anali ndi mafumu awo. Angoni a Maseko anali atakhazikika mozungulira phiri la Domwe kuyambira cha m'ma 1870, akulamulira mbali zonse ziwiri za msanawo, pakati pa Achewa amene anawapeza. Mfumu yawo Chikuse inamwalira mu 1891 momwemo, ndipo nkhondo inabuka pakati pa mwana wake Gomani ndi Kachindamoto, mpaka Kachindamoto anatsikira kunyanja ku Mtakataka. Angoni ali kalikiliki kulimbirana ufumu, dziko lawolo linali litagawidwa kale papepala. Domwe anagwera kwa Apwitikizi. Mu 1896 asilikali a Angerezi anagonjetsa mfumu yachiyao Tambala m'mapiri a Dedza, ndipo chaka chomwecho anagwira Gomani n'kumupha. Kenako nthumwi za maboma awiriwa zinayenda pamsanapo ndi zoyezera, kufunafuna pomwe madzi amasiyanirana, n'kumaunjika miyala. Ntchitoyo sinali yapafupi, poti m'malo ambiri msanawo ndi chidikha chabe, ndipo dambo limodzi limatha kutulutsa timitsinje tiwiri tolowera mbali zosiyana. Mbali ino inalembedwa kuti Central Angoniland, mbali inayo Angonia. Mtundu umodzi, misonkho iwiri, thangata la mitundu iwiri, sukulu ina m'Chingerezi ina m'Chipwitikizi.

Kukhala pamzere

Msana wa mapiri ndi malo abwino omangapo msewu, chifukwa sipafunika milatho yambiri. N'chifukwa chake msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu umayenda ndi malire kwa makilomita ambiri. Pamsika wa Lizulu, mayi amene walima kabichi ndi kachewere kutsidya la Mozambique amangodutsa tala ndi dengu pamutu, n'kuyala malonda ake moyang'anizana ndi mchemwali wake wa mbali ino. Wogula wa m'basi yochokera ku Lilongwe safunsa kuti matimatiwo alimidwa m'dziko liti. Maliro akagwa uko, a kuno amakagona kusiwa. Pa Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, Angoni a ku Angonia amabwera ndi zishango zawo, ndipo pa Kulamba ku Mkaika mafumu achichewa a mayiko atatu amagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi.

Komabe mzerewo si wachabe. Nkhondo ya pachiweniweni itakula ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, kudutsa msewu womwewo kunali kusiyana kwa moyo ndi imfa. Malawi anasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni mtendere usanasayinidwe ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu anafikira m'midzi ya abale awo. Mabwinja a masitolo a kutsidya kwa msewu anakhala zaka zambiri akuchitira umboni.

Mapu nawo sanaleke kusintha. Pa 18 Novembala 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana kusuntha malire a panyanja kuchoka kugombe la Mozambique kupita pakati pa madzi, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kukhalabe mbali ino. Kumpoto zoterezi sizinachitike. Pangano la Britain ndi Germany la 1 Julayi 1890 linaika malire pagombe la kummawa, koma mapu ena a atsamunda anajambula mzere pakati pa nyanja. Kusiyana kumeneko ndi kumene kunabutsa mkangano wa Malawi ndi Tanzania mu 1967, n'kudzaubutsanso mu 2012 nkhani yofufuza mafuta itamveka. Mayiko a mu Africa anagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire a atsamunda asasinthidwe, choncho zolemba ndi mapu a nthawi imeneyo ndi zimene maloya amatsegula mpaka lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, bungwe la Directorate of Colonial Surveys, lokhazikitsidwa mu 1946, linayamba kujambula dziko kuchokera m'ndege. Oyeza malo anamanga zipilala za simenti pamwamba pa mapiri, ndipo kunatuluka mapu amene masentimita 2 amaimira kilomita imodzi. Kwa nthawi yoyamba mapiri a Dedza anaonedwa kuchokera kumwamba osati kuchokera m'chombo: phiri la Dedza la mamita 2,198, Chongoni, Mphunzi, Bembeke, ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti. Pa mapu omwewo panalinso mizere ina imene boma linayamba kulemba m'zaka za m'ma 1920 pozungulira nkhalango za Dzalanyama, Chongoni ndi Mua-Livulezi, imene inateteza magwero a mitsinje koma inatsekeranso anthu malo amene makolo awo ankasakako ndi kutemako nsungwi.

Zimene mapu anasiya

Ufulu utabwera mu 1964, dzina la Maravi lija linabwerera pa mapu ngati dzina la dziko ndi la nyanja. Fort Johnston anakhala Mangochi, Port Herald Nsanje, Fort Manning Mchinji, Deep Bay Chilumba. Koma kusintha mayina a matauni sikunabwezeretse zonse zimene zinasiyidwa. Msodzi wa ku Mtakataka amadziwa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndipo malo ake oponyera khoka amawapeza polunjikitsa nsonga ya phiri ndi mtengo wa pagombe. Nzeru imeneyo pa mapu a Rhoades palibe. M'mapanga a Chongoni muli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za chinamwali ndi nyau, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Woyeza malire wa 1900 akanatha kudutsa pansi pa Chentcherere kapena Namzeze osadziwa kuti eni dziko analembapo kale zawo. Mankhamba, amene mbiri yake inakokera dzina la Maravi mpaka ku Paris, anakhalabe wodziwika chifukwa cha nkhalamba zimene zinasunga nkhani zake ndi alembi ngati Samuel Josia Ntara amene anazilemba.

Mapu akalewa ndi umboni wamtengo wapatali. Amatiuza pomwe gombe linali zaka 120 zapitazo, midzi imene inasamuka, mitsinje imene inkayenda chaka chonse koma lero imauma mu Sepitembala, ndi chifukwa chake munda wa banja limodzi uli m'mayiko awiri. Koma powawerenga tizifunsa kuti anajambula ndani, ataima pati, akufuna chiyani. Ambiri a iwo ali ku London, ku Taunton ndi ku Lisbon. Ena ali ku National Archives ku Zomba, ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre, ndi ku Dipatimenti ya Surveys. Akuluakulu a zamaphunziro ndi zachikhalidwe apemphe makope a amene ali kunja, awaike pa intaneti, awafikitse m'sukulu za ku Dedza, Ntcheu ndi Salima. Ndipo aphunzitsi, pamodzi ndi mafumu a kwa Kachere, Kasumbu, Kaphuka, Kamenyagwaza, Tambala ndi Kachindamoto, atume ana kwa agogo awo ndi kope ndi cholembera, akalembe dzina la khwawa lililonse, dambo lililonse ndi chitunda chilichonse, odziwa mayinawo akadali moyo.